Makwinya

Ndinafika ku Sentulo mutu utadzaza majakisoni,
ndikulota diripi ndi zitsulo za kufiyeta,
koma tsiku loyamba Sisita Mkwezalamba
anandiponyera shiti yopinda kanayi
nati, "Yala."

Ndinasekera m'mimba.
Ine mwana wa ku Kawale, woyala mphasa chiyambireni kukwawa,
lero andiphunzitse kuyala?
Ndinaikutumula ngati ndikuyanika pachingwe.
Anandigwira mkono uli m'malere:
"Fumbi limenelo ukutumizira yani?
Wachifuwa uyo ali pakonayo?"

Ndinayambanso.
Samba m'manja. Khoma mawilo.
Msoko uyang'ane pansi, usakhule khungu la munthu.
Ngodya uzipinde ngati envulopu yopita kutali,
makintoshi pakati, pamene thupi limagonjera,
kukamwa kwa pilo kufulatire khomo.
Kasanu ndinayala, kasanu anayalula ndi chala chimodzi,
osakweza mawu, osandiyang'ana.
Usiku umenewo ndinawatukwana m'bulangete.

Anandiphunzitsa ndi a Lufeyo,
wakabaza wa kwa Mgona
amene minibasi inawaphwanya chiuno pamlatho wopita kumsika.
Sabata yachitatu ali chagada
tinawatembenuza ndipo ndinaona:
pansi pa msana, pofiira ngati phwetekere woyamba kupsa,
kukula kwake ngati chitsekerero cha botolo.
Pansi pake panali khwinya limodzi
ndi nyenyeswa za mandasi adzulo.
Bedi limenelo ndinayala ndine.
Sisita sananene kanthu. Anangotenga chala changa
nachiyendetsa pakhwinyapo,
pang'onopang'ono, kuyambira uku mpaka uko.

Chiswe sichichita phokoso.

Tsopano timayala awiri, ine ndi Tinenenji,
munthu ali momwemo.
Iye uko, ine kuno, maondo opinda, msana wowongoka.
"Gwirani phewa langa, bambo."
Shiti yakuda tikulungira kumsana kwawo,
yoyera ikutsata pambuyo ngati mthunzi,
kenako tiwagubuduza kuwoloka kaphiri ka nsaluko.
Iwo akukuta mano, thukuta kamukamu,
koma pakamwa sipatha nthabwala:
"Zaka khumi ndanyamula anthu pakaliyala,
lero katundu ndine.
Mundilipiritsa zingati, adalaivala?"

Lachinayi makina ochapira anafa.
M'kabati munatsala mashelefu okhaokha.
Akazi awo, amene amagona pansi pa bedi pakatoni,
anamasula chitenje chamvano chofwifwa
nandipatsa ndi manja awiri.
Chinali chachifupi, chosafika kumiyendo,
koma ngodya ndinazipinda chimodzimodzi,
ndinakoka mpaka mtanda wa pakati unawongoka.

Lilipo bedi lina limene m'kalasi sanachedwepo.
La mnyamata wa pawindo, amene sindinamve mawu ake,
ndinalipeza m'mawa lili pululu,
dzenje la mutu lidakali papilo.
Umakulunga chilichonse cholozetsa m'kati,
kutali ndi yunifolomu,
kutali ndi nkhope.
Umapukuta matiresi ndi kolorini mpaka maso kuwawa,
ndipo ukafunsidwa umati ndi kolorini.
Pofika masana anabwera wina pa tirole,
mkulu wa ku Mitundu, nsapato zili m'jumbo.
Anagona, anapuma mozama, anati, "Pabwino."
Bedi silinamuuze kanthu.
Ndinaonetsetsa kuti lisamuuze.

A Lufeyo anatuluka pa ndodo ziwiri mwezi wa fumbi,
msana uli wosalala, ndinauona ndekha.
Anandilonjeza ulendo waulere mpaka ku Kawale
njinga ikadzawongoledwa.

Lero m'mawa Sisita Mkwezalamba anadutsa m'wodi,
magalasi ali pamphuno.
Anaima pa bedi langa,
anayendetsa chikhatho kuchokera kumutu mpaka kumiyendo,
anasuzumira pangodya,
anakokako pang'ono.
Sinasunthe.
Anapitirira osanena kanthu,
nakayalula la Tinenenji.