Nkhope Yanga Ili ku Lusaka

Nsalu imene anajambulapo inali yoyala pabedi.
Ndinaitulutsa ndekha m'belo la salaula ku Kapata,
yothimbirira pangodya, palibe akanaigula.
Zondiwe, mlongo wanga, anaikhomera
pa timatabwa ta bokosi la tomato,
naipaka penti yotsala pomanga nyumba ya a Chulu.

Masabata atatu ndinakhalira ndowa yovundikira.
"Usagwedezeke, Tisauke."
Ntchentche zikundiyenda pamilomo,
makasitomala akulowera kwa mnzanga wa pafupi.
Anajambula ngakhale chipsera cha mbaula pachibwano panga.
Ndinati chichotse.
Iye anati ndikachotsa, utsala ndani?

Kenako anabwera bambo wa galimoto ya magalasi akuda,
nsapato zake zosadziwa fumbi la kwa Mchini.
Anayang'ana, anatsokomola, anati
zoterezi ku Lusaka zili mbwee,
alendo amafuna njovu ndi mbidzi za ku Mfuwe,
koma poti ndakumvera chisoni, nawa mahandiredi atatu.
Kanthu kamodzi chabe: dzina lako pansipa ufute,
limagwetsa mtengo.

Zondiwe anatola burashi osanena kanthu.
Ndinaona zilembo zisanu ndi ziwiri
zikumira m'maluwa a chitenje changa.
Madzulo omwewo landilodi anatenga awiri.
Yotsalayo inathera m'makala, sopo,
ndi mankhwala a chifuwa cha mwana.

Patapita mvula ziwiri,
Gelesomu, kondakitala wa basi ya usiku,
anatiitana kuti tione pafoni yake yosweka galasi.
Khoma loyera ngati la m'chipatala.
Nyali yakeyake ikuwalira pamphumi panga.
Anthu a masuti, matambula ali m'manja,
aima patsogolo panga ndi ulemu
umene sindinaulandirepo pamsika.
M'munsi kapepala: mtengo wa m'madola,
maziro ndinawerenga kawiri, chala chikunjenjemera.
Wojambula: wosadziwika, wa kumudzi.

Kumudzi kuti?
Ife tinabadwira pano, phiri la Kanjala likutiona,
tinakula ndi belu la njinga za kabaza.
Wosadziwika kwa yani?
Pitani pa Kapata mufunse wogulitsa anyezi aliyense.

Anaimba foni. Inalira, inalira.
Tsiku lachitatu anayankha mkazi wa mawu osalala:
abwana ali pamsonkhano wotukula aluso.

Lero Zondiwe amajambula mbuzi pakhoma la butchala,
mitu yometedwa bwino pa babashopu,
ndi mawu aja oti ngongole mawa.
Amamlipira theka, theka linalo bwera Lachisanu,
nthawi zina chiwindi chokulunga m'nyuzipepala.
Sadandaula mokweza.
Koma yang'anitsitsani pansi pa chiboda cha mbuziyo,
kuseri kwa khutu la wometedwayo:
dzina lilipo, laling'ono ngati nyerere,
lolembedwa kawiri kuti mvula isalichotse.

Ine sindinawolokepo mlatho wa Luangwa.
Nkhope yanga inawoloka,
imagona m'chipinda cha mphepo yozizira,
mwina pano inakwera kale ndege.
Dzuwa la Okutobala likandiwamba pa thebulo langa
ndimaiganizira ngati mwana wopita kukagwira ntchito kutali
amene sanatumizepo ngakhale ya mchere.

Dzulo m'belo ndapezamo nsalu ina yoyala,
yoyera bwino, yopanda banga.
Ndaipinda, ndaibisa pansi pa majekete.
Sindinaganize bwino ngati ndimuuze.