Wosesa ku Kolmanskop

Basi ya alendo imafika nthawi itakwana naini.
Ine ndimakhala nditafika kale, tsache m'manja,
kulimbana ndi mchenga umene walowa usiku
osaodira, ngati mlamu wozolowera pakhomo.

Dzina langa ndi Hileni. Analilemba pachifuwa panga
kuti alendo asavutike kufunsa.
Ndikaika tsache pansi ndimawatsogolera nyumba ndi nyumba:
umu munkagona dokotala, umu wowerengera ndalama,
umu ankaumitsa madzi pakati pa chipululu
kuti mowa wa Mjeremani usafunde.
Amagwedeza mitu, amajambula.
Bafa lachitsulo lija linatsala lodzaza mchenga,
aliyense amafuna kulowamo, miyendo m'mwamba,
akaonetse kwawo kuti anasamba m'chilala.

Pali zina zimene sindinena pokhapokha wina akafunsa,
ndipo ofunsa ndi ochepa.
Shikongo, amene anabala agogo anga aamuna,
anachoka kumpoto ndi chikalata cha ntchito
chimene sankatha kuwerenga.
Ankakwawa chamimba, iye ndi anzake,
mzere umodzi ngati linthumbu,
kutola timiyala tonyezimira
osadziwa n'komwe chala chimene chidzativale.
Makina ounikira m'thupi a m'chipatala muja,
amene mukudabwa kuti anafika msanga kuno,
ankaunikanso matumbo a anthu onga iye
kuona ngati sanameze chuma cha eni.
Eni ake ati?
Funso limenelo ndimameza ndine,
ndipo palibe makina amene angalipeze.

Dzana kamnyamata kena kanafukula batani la malaya
pansi pa zenera la sukulu.
Kanathamangira kwa ine: kodi ndi dayamondi?
Ndinati ayi, koma bwezera pomwepo,
mwini wake mwina akulifunabe.
Mayi ake anaseka. Ine sindinkachita nthabwala.

Masana mphepo ikayamba ukali timatseka geti.
Ndimakwera bokosibode ya Petrus kutsikira ku Lüderitz,
tauni yokhala pamiyala, nyumba zake zopakidwa utoto
wachikasu, wofiira, wamtambo,
ngati zikuopa kuti nkhungu ingaziiwale.
Tchalitchi chili pathanthwe, chikuyang'ana doko.
Nyanja ya kuno si yosamba,
imaluma mafupa ngakhale mu Disembala,
koma imadyetsa: achimwene anga amavuula nkhanu,
zala zawo zinang'ambika ngati nthaka ya chilimwe.

Bambo wina wachipewa chachikulu anandifunsa tsiku lina
malo abwino opumirapo, oonera zombo.
Mapu ake ankaloza ku Shark Island.
Ndinamuuza njira, pakuti ndiyo ntchito yanga.
Mnzanga Magrieta, wa fuko la Anama, sapondako.
Amati pansi pamenepo sipanagonebe.
Anthu ake ndi Aherero anatsekeredwa pamenepo,
mphepo yomweyi, kuzizira komweku,
opanda bulangete, opanda manda owerengeka.
Iye akamadutsa pafupi amatsitsa mawu
monga umachitira podutsa pakhomo pali maliro.
Bambo uja anabwerako ali ndi zithunzi zokongola.
Sindikumunena. Malowo ndi okongoladi,
ndipo vuto lake ndi lomwelo.

Akuti tsiku lina mchenga udzamaliza ntchito yake,
udzakwera masitepe, udzafika padenga,
Kolmanskop adzakhala chulu pakati pa zulu zinzake.
Abwana amati tisalole, tisese,
koma tisasese kwambiri:
alendo amalipira kudzaona mchenga m'chipinda.
Choncho ndimasesa pang'ono, ndimasiya pang'ono.
Mbiri nayonso ndimaichita chimodzimodzi.

Madzulo ndimakhala pakhonde ku Benguela,
ndimavula nsapato, n'kuzikutumula.
Kamulu ka mchenga kamagwa pasimenti.
Mwana wanga Tuyeni amandiseka:
amayi, mukufunamo chiyani?
Palibe, ndimatero.
Koma chala changa chimakhala chikutakasa kale,
pang'onopang'ono,
ndipo msana wanga wawerama
monga unawerama msana wa munthu amene sindinamuone.