Chitsulo Chimamva Dzanja

Kusukulu ya zaumisiri ku Sheffield
a Pashley ankatipatsa kachitsulo ndi tupa,
amvekere: palani mpaka mbali zonse zifanane.
Ndinapala masabata atatu.
Iwo anakanyamula, nakalozetsa kuwindo,
kuwala kunadutsa pansi pa sikweya
ngati tsitsi limodzi.
"Yambanso, Keeley."
Ndinakalirira m'bafa, mpopi uli chitsegulire.

Kalata itabwera, mayi anaiwerenga ali chiimire,
jasi la ntchito ya usiku asanavule.
Anafunsa kawiri:
ndiye kuti digiri, koma popanda ngongole?
Ndiye kuti azikulipira iweyo?
Bambo anangoti duu.
Ng'anjo za zitsulo zinawalavula
ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Anatuluka osatsanzika,
madzulo nabwera ndi jombo zachitsulo kumphuno,
zokula ndi saizi imodzi.

Tsopano ndimalawira kusanache,
chisanu chitamata magalasi a basi ya ku Rotherham.
Masiku anayi m'fakitale,
tsiku limodzi kuyunivesite.
Kufakitale ndine kamwana ka mabuku.
Kuyunivesite mnyamata wina anasuntha laputopu yake
ataona girizi m'zikhadabo zanga.
Mleme ine: kwa mbalame andikana, kwa mbewa andiseka.
Tamsin, amene tinkagawana benchi imodzi,
amanditumizira zithunzi za madansi a ku Leeds
ine nditagona kale.

Mwezi wachiwiri anandiika m'chipinda choyezera,
kwa a Bhogal, a ndevu zaimvi,
zaka makumi atatu patebulo lomwelo lamwala.
Ndinayeza timipini khumi ndi tiwiri
nkulemba ndi inki yofiira: takula, tibwezedwe.
Mtima unali m'mwamba, ndagwira cholakwa ndekha!
A Bhogal sanatsutse.
Anatindandalika pamwala paja.
"Pita ukamwe tiyi."
Nditabwerako ndinayezanso.
Tonse tinali ndendende.
"Unatifumbata nthawi yaitali bwanji?" anafunsa.
"Chitsulo chimamva dzanja, mwana iwe.
Ukachikumbatira chimafutukuka.
Unayeza kutentha kwako."
Manyazi anandigwira mpaka m'makutu.
Anafufuta okha inki yofiira ija,
ndipo sanauze munthu.

Lachinayi lomwelo, m'holo ya mipando yokwera ngati makwerero,
Dokotala Ferriday analemba pabolodi
zilembo zachigiriki zopiringizika,
za momwe chitsulo chimatalikira chikafunda.
Anthu zana anawerama kukopera.
Ine ndinatambasula chikhatho pansi pa desiki
nkuchiyang'ana
ngati munthu amene wakumana ndi mbale wake mumsika wachilendo.
Kenako ndinakopera nanenso,
chifukwa masamuwo sindinkawadziwa,
ndipo dzanja lokha silikhoza mayeso.

Usiku ndinawafotokozera bambo,
tikutsuka mbale, wailesi ikulongolola za mpira.
Anasiya kupukuta.
"Ife tinkayang'ana mtundu wa moto," anatero.
"Kufiira kwa chitumbuwa, kufiira kwa lalanje.
Palibe anatiuza kuti pali masamu ake."
Ndinawalembera papepala la bilu ya magetsi.
Anayang'ana nthawi yaitali,
nalipinda, nalisunga m'thumba la shati.
Mayi analifunafuna sabata yathunthu.

Malipiro oyamba ndinagulira tayala la njinga
ndi masokosi okhuthala awiriawiri,
poti jombo zija zikadakhwepa.
Otsala ndinaika pansi pa botolo la shuga;
m'mawa ndinawapeza m'chikwama changa.
Nkhaniyo sitinaikambe.

Kachitsulo ka a Pashley kali pawindo lakuchipinda,
kayamba dzimbiri pakona imodzi.
Tsiku lina ndinakatengera kuntchito, mobisa,
ndinakasiya pamwala ola lathunthu kuti kazizire,
ndinakayeza.
Mbali imodzi ikadapendekeka.
Anandikhululukira, kani, osandiuza.

Kwatsala zaka zinayi.
Lipoti likufunika pofika pakati pa usiku,
tiyi wazizira, maso akulemera,
ndipo basi ya mawa
sidziwa kuti ndine wophunzira.