Makomo Obwereka

Ku Kaunas yangokwana thuu koloko usiku.
Chipale chikugwera mu mtsinje wa Nemunas mwakachetechete.
Mu ofesi ndatsala ndekha, ine Aušrinė,
ndi khofi amene ndamutenthetsa kawiri,
ndi uthenga wochokera ku Izmir, zilembo zikuluzikulu:
ZAKANANSO.

Ndi Bambo Tolgahan, ogulitsa nsapato.
Usiku uliwonse makina awo amazonda mitengo ya anzawo
podzera m'nyumba za anthu amene sanawaonepo.
Ndiwo malonda athu: timabwereketsa makomo.
Pempho ili litulukira ku Recife,
linzake ku Surabaya,
mlendo mmodzi wosintha malaya pa mphambano iliyonse.

Ndiyamba ndi zopepuka, monga anatiphunzitsira.
Mawu achinsinsi mwalemba bwino?
Nthawi zina kumapeto kumatsalira kampata
kosaoneka ndi maso, koma seva imakaona
n'kukuponyerani 407, ngati mlonda woti sakukudziwani.
Akuti ndisawayese mwana.
Nanga nambala ya poti? Adiresi yanu
sinasinthe chidzulo chija?
Akuti mtsikana iwe, ndikulipira.

Chabwino. Nditsegula kaundula.
Mizere ikutsika ngati linthumbu.
200, 200, 200, kenako 403:
sitolo yakayikira nkhope.
M'munsimu 429, ndiye kuti mwagogoda mopitiriza,
ngakhale kwa m'bale wanu sangakutsegulireni chonchi.
Ndipo taonani apa, bambo:
mwalowa m'sitolo muli ku Brazil,
dengu mwanyamulira ku Indonesia,
pofika polipirira mwasanduka wa ku Poland.
Ndani sangaitane apolisi?
Gwirani khomo limodzi kwa mphindi khumi,
musiye kudumphadumpha.

Asintha. Tidikira.
Zatheka, alemba, tsopano m'zilembo zazing'ono.
Ndinyamuka kukatsuka kapu.

3:07.
Zafanso.
Ulendo uno palibe nambala yoti n'kuikalipira.
Masekondi makumi atatu a zii,
ngati waponya mwala m'chitsime
koma osamva thibu.

Ndiyesa pa kompyuta yanga: zii.
Ndiyesa popanda pulokisi: tsamba litseguka bwinobwino.
Ndifukula kaundula wa dzulo, wa dzana, wa sabata yatha.
Khomo lomwelo la ku Recife
limazima 3:07, nthawi zina 3:11,
Loweruka lokha limachezera.

Ndiwerenga maola ndi zala, chobwerera m'mbuyo.
Kumeneko ndi teni koloko.
Kumeneko Januwale ndi ng'anjo.
Wina wawerama kuseri kwa kabati,
wazula rauta
kuti alumikize fani,
poti soketi ndi imodzi ndipo mwana akulira thukuta.
Kapena ndi mayi wotopa kuuza mnyamata wake kuti siya foni.
Sindidziwa dzina lake.
Ndidziwa manambala anayi olekanitsidwa ndi timadontho,
ndi nthawi imene amagona.

Kodi akudziwa kuti nsapato za ku Izmir
zimadutsa pabalaza pake?
Tsiku lina anadina "Ndavomera"
pofuna kamasewera kaulere.
Pepala lathu limati kumeneko ndi kulola.
Usiku ngati uno sindilikhulupirira kwenikweni.

Kwa Bambo Tolgahan ndilemba zoyenera:
likazima khomo, makina ayesenso katatu,
apume pang'ono pakati,
akalephera apite pa lina. Alipo mamiliyoni.
Pa bokosi la "chifukwa" ndinayamba kulemba
mwini nyumba wagona,
ndafufuta.
Ndaika: kulumikizana kunaduka.

Kukucha ndikwera basi yoyamba ya ku Šilainiai,
nsapato zanga zitanyowa.
M'nyumba muli mdima, mphaka sanadzuke n'komwe.
Pakona, pansi pa malaya opachika,
kagetsi kobiriwira ka rauta yanga
kakuphethira, kakuphethira mofulumira,
chonsecho foni ili m'thumba, yothima.
Ndiima pamenepo osavula chipewa.
Ndani akudutsa?