Wamtengatenga

Ku Domwe, kuseri kwa chigayo cha a Jervazio,
chimanga chomwe ndinabzala Khirisimasi itapita
chalembedwa mizere yachikasu
ngati kope la mwana wongoyamba kugwira pensulo.
Chafika m'chiuno, chaima pomwepo.

Mlangizi Rozita Chimpeni anabwera Lachinayi pa njinga yamoto,
nagwedeza phesi pamwamba pa pepala loyera.
Kanagwa kanthu kochepa kuposa njere ya mpunga.
Ndinatukula chala kuti ndikatswanye.
Iye anati dikirani, yambani mwakaona.

M'galasi lake lokulitsa ndinaona
timadontho tiwiri takuda pamphumi
ndi kamlomo ngati singano ya kuchipatala.

Akuti kanabadwa kopanda kanthu,
make sanakapatsire m'dzira.
Koma tsamba lodwala limawala chikasu
ndipo chikasu ndicho maso ake amakonda:
nthenda imadziwa kupenta sitolo yake.
Kanatera, kanayamwa, kanakhuta.
Nthenda inaboola matumbo, inayenda m'thupi,
nimanga msasa m'malovu.
Kuyambira pamenepo mpaka tsiku la imfa
kalembedwa ganyu yomwe sikanapemphe,
yopanda malipiro ngakhale metikali imodzi.
Njala ndi yake,
ulendo ndi wa mwini katundu.

Ndinafunsa ngati kamamva kuwawa.
Rozita anapukuta galasi ndi chitenje,
nati palibe anakafunsapo.

Apo ndinakumbuka Saturnino, mlongo wanga,
atatsika basi kuchokera kumalasha ku Moatize
ndi wailesi, nsapato za ana, shuga mapaketi atatu,
ndi kachifuwa komwe ankati n'fumbi chabe.
Ananyamula mwana wanga, namupsompsona pamphumi.
Pofika nthawi yokolola
tinali atatu pamzere wa mapiritsi ku Ulongwe.
Anthu anati watibweretsera.
Iye sanayankhe, ankangoyang'ana m'manja mwake
ngati akufuna pomwe chinabisala.

Chala changa chinatsikabe.
Chifundo sichidzaza nkhokwe,
ndipo ana anga sadya mizere.
Papepala panatsala kadontho konyowa.

Madzulo ndinazula mapesi odwala, makumi anayi ndi awiri,
ndinasenga udzu wa m'mphepete mwa dimba
momwe timabisala nthawi yachilimwe.
Chaka chamawa ndibzala ndi mvula yoyamba,
mbewu yopirira, ngati ndalama ya mbatatesi ilola.

Koma pophwanya phesi lomaliza
kena kanadumpha padzanja langa,
kanaima pang'ono, kopepuka ngati gaga,
kenaka kanauluka kulowera kwa a Bonifasio
komwe chimanga chidakali chobiriwira bii.
Sindinakatukwane.
Ndinangofuula kuti a Bonifasio, kukubwera mlendo.