Kapepala ka Che Jawadu

Loweruka lililonse timanyamula bolodi
anthu awiri, ngati machira,
kuchoka m'chipinda chathu cha masamu
chomwe fani yake idafa chaka chimene ndidafika,
mpaka kuseri kwa msika wa Mpondasi,
pansi pa mango wosabala.

Lusekelo amasunga choko m'chitini cha mkaka.
Asiyatu, poti ndi wa konkuno,
ndiye pakamwa pathu Chiyao chikatikanika.
Ine ndimafufuta.
Zaka zitatu za masamu apamwamba,
chida changa ndi sokosi yong'ambika.

Timapitira ana a folomu folo,
ndipo amabweradi, asanu, mwina asanu ndi awiri,
ndi mapepala a mayeso akale
othimbirira m'makona.
Koma tsiku limenelo kunafika Che Jawadu wa kabaza,
natsamiza njinga pamtengo,
natulutsa m'chisoti kapepala
konyowa ndi thukuta la Okutobala.

Anati: ndinakongola zikwi makumi anayi
mayi a kunyumba atagonekedwa pachipatala.
Mwini ndalama akuti mwezi ukatha
zimabereka theka, ndipo anawo amaberekanso.
Miyezi yakwana isanu. Ndaperekako kawiri.
Tandiuzani, ana a sukulu, ndili pati?

M'kalasi mayi Namasasu amaukonda mzere umenewu.
Amati taonani kukongola kwake,
umayamba chokwawa ngati sukufuna,
kenaka n'kudzuka, n'kulunjika kudenga
osayang'ananso m'mbuyo.
Ife timalemba, n'kugwedeza mitu.

Lusekelo anaujambula pamenepo.
Choko chinathyoka pa mwezi wachinayi.
Anatola chidutswa, namaliza,
ndipo pansi panakhala nambala
yoposa mtengo wa njinga
imene inali chitsamire pambali pathu.

Ana aja anasiya kulemba.
Wogulitsa chinangwa chokazinga anatsitsa wailesi.
Ine ndinakweza sokosi yanga msanga
monga munthu wofuna kukwirira zamanyazi,
koma Che Jawadu anandigwira mkono.
Musafufute, achimwene.
Masiku onsewa ndimayesa wazungulira ndi mutu wanga.
Kani mutu uli bwinobwino.

Anakopera nambala iliyonse kuseri kwa kapepala kake,
zisanu zake zoyang'ana kumanzere,
napalasa kulowera kumlatho
popanda womukweza.

Usiku magetsi atathima ku hositelo
tinakangana mpaka mlonda anagogoda pazenera.
Lusekelo akuti masamu sanama, tamuthandiza.
Asiyatu akuti wokongozayo amamudziwa,
Lachisanu amaima mzere umodzi ndi bambo ake,
ndipo choonadi sichilipira ngongole.
Wina akuti tisonkhe,
tinasonkhadi pa kuwala kwa foni,
zinangokwana machubu awiri ndi belu.

Ine sindinayankhule.
Sindinawauze kuti fizi yanga ya chaka chino
bambo anaitenga kwa munthu wina ku Ntcheu
amene dzina lake salitchula pafoni,
amangoti mwana wanga, iwe limbikira,
za kuno zisiye.
Ndinagona chagada pa matiresi otentha
udzudzu ukuimba,
ndikuwerenga miyezi ndi zala
kuyambira Epulo,
ndipo pa chala chachisanu ndi chimodzi ndinaleka.

Lolemba pa mayeso linabwera funso lomwelo,
atangolivula mayina ndi thukuta.
Ndinakhoza lonse.
Mayi Namasasu analemba pambali ndi inki yofiira:
waumvetsa bwino mutu umenewu.

Loweruka lotsatira, tikutsitsa bolodi,
tinapeza njinga zisanu ndi zinayi zitazinga mango uja,
ndi amayi atatu a usipa, mabeseni ali pansi,
aliyense ndi kapepala kake,
kena m'chisoti, kena pa mfundo ya chitenje.
Che Jawadu anali atakhala kutsogolo
ndi kope latsopano la masamba makumi anayi.

Choko chinatithera dzuwa lili paliwombo.
Asiyatu anakapempha makala kwa wachinangwa uja,
tinapitiriza pakhoma la golosale,
pomwe sokosi yanga
sikanatha kufufuta kanthu.