Buku la Msungichuma

Anandisankha msungichuma chifukwa sindiseka msanga,
ndipo m'nyumba ya atsikana makumi atatu ndi awiri
pamafunika mmodzi wouma nkhope.
Nyumba yathu ili pa msewu wa Alder, ku Ohio,
zilembo zitatu za Chigiriki pamwamba pa khomo.
Chapakati chinapendekeka ndi mphepo ya chaka chatha
ndipo mpaka lero tikukanganabe woti akwere makwerero.

Lolemba lililonse timavala zoyera,
kuzimitsa magetsi, kupatsirana kandulo imodzi.
Wogwira kandulo ndiye mwini mawu,
ena tonse zii,
ngakhale Joelle amene lilime lake silidziwa tchuthi.
Phula limadonthera pansi pomwepo
pamene anadonthetsera atsikana a mu 1958,
aja ali pa chithunzi cha m'masitepe,
maso awo ngati akudziwa ngongole zathu.

Loweruka m'mawa, chipale chofewa chili m'mawondo,
timapita kusukulu ya kuseri kwa njanji
kukawerenga ndi ana.
Kamnyamata kena, Terrell, kamandigwira dzanja
ndikalumpha tsamba chifukwa cha tulo.
Mu Novembala timatolera majekete a osowa.
Chaka chino anakwana mazana awiri,
limodzi linali ndi dzino la mwana m'thumba.

Koma ine yanga ndi ndalama.
Wochedwa kumsonkhano, madola asanu.
Wosiya mbale m'sinki, awiri.
Chopereka cha teremu, mazana anayi,
ndipo apa ndi pamene ubale umayamba kutsokomola.

Priyanka anagogoda usiku wa Lachinayi.
M'manja mwake kabaji kathu ka golide, duwa ndi kiyi.
Anakaika pa tebulo langa mosamala ngati dzira.
Bambo ake ntchito inawathera ku fakitale ya matayala.
Sanalire ayi.
Anangoti, “Undifufute.”

Ndinatsegula buku lakale, lachikuto chobiriwira,
kuti ndione mmene anzanga ankafufutira anzawo.
Dzina lofufutidwa sindinalipeze ngakhale limodzi.
Chaka ndi chaka, manja osiyanasiyana, mawu omwewo:
“Yalipiridwa. Piyano.”
1963, piyano.
1981, piyano kawiri.
Kenako tsamba la zaka zitatu zapitazo,
dzina langa, Odette Varga,
teremu ija amayi anagonekedwa m'chipatala ku Dayton,
ine n'kumayenda chozemba m'khonde
poganiza kuti msungichuma wangoiwala kundifunsa.

Ndinatsika opanda nsapato.
Piyano yathu palibe amaiimba, inasasa mawu kalekale.
Ndinatukula chivundikiro cha mpando wake:
envulopu yakhaki, yonenepa.
Madola okwinyika a atsikana ogulitsa khofi usiku,
cheke cha mayi wina wa ku Toledo
amene anachoka m'nyumba muno ndisanabadwe,
makobidi omangidwa m'sokosi yofiira.
Ndi kapepala kothimbirira:
“Wowerenga ndi msungichuma yekha.
Usafunse woika, usauze wolandira.
Ukadzapeza ntchito, udzakumbuke mpando uno.”

Ndinakhala pansi pozizira mpaka miyendo kuchita dzanzi.
Kupatsa n'kuika, ndinkamva chabe.
Sindinkadziwa kuti poikapo pake
ndi pamene Joelle amakhala podula zikhadabo.

Lolemba kandulo inafika kwa Priyanka,
kabaji kali pachifuwa.
Anati sakumvetsa, buku likuti alibe ngongole,
mwina pali amene walakwitsa masamu.
Maso makumi asanu ndi limodzi anatembenukira kwa ine.
Ndinayang'ana phula likutsika ndi chala chake
ndipo ndinati masamu anga salakwika.

Usiku womwewo ndinalemba mawu awiri aja
ndi dzanja langa lonjenjemera,
n'kutsikanso mwakachetechete
ndi madola khumi ndi awiri a ganyu ya ku laibulale.
Pobwerera ndinakumana ndi Marisol m'masitepe,
wachaka chachiwiri, wokonda phokoso,
akuyenda chonyang'ama, dzanja lili m'thumba.
Anati akukamwa madzi.
Khitchini ili mbali inayo.